Ngati ndi Mulungu ananditsogolera, zavutiranji chonchi?

Imelo ya mayi wina yakhala ikundisowetsa tulo kuyambira sabata yatha. Dzina ndilisunga. Iye ndi amuna ake anapemphera, anasala kudya, anafunsa kwa abusa, kenako anasiya ntchito imene anali nayo n'kusamuka ndi ana kutsatira ntchito ina. Chaka chisanathe ntchito ija yatha, mwana mmodzi akudwaladwala, ngongole zafika m'khosi. Akufunsa kuti: "Kodi ndinamva molakwika? Ngati ndi Mulungu ananditsogolera, zavutiranji chonchi? Nanga pano ndimudalire bwanji poti ndikapemphera kuli zii?" Kumapeto anawonjezera kamzere kakuti mayi wina wa kumpingo kwawo wamuuza kuti anathamanga n'kumusiya Mulungu m'mbuyo.

Mchemwali wanga, kamzere komalizako kanditokosa pachilonda, chifukwa mawu otere ine ndinauzidwapo, ndipo anandipeza pamalo poti sindikanatha kuyankha.

Ine ndinali mphunzitsi, ndipo ntchito yanga ndinkaikonda. Amuna anga anaitanidwa kukatumikira mpingo wina waung'ono, kutali ndi abale athu onse. Sitinapupulume. Tinapemphera, tinadikira, tinafunsa akuluakulu amene timawakhulupirira, ena mwa iwo anthu osanyengerera m'pang'ono pomwe. Ndinali ndi kope la chikuto chobiriwira m'mene ndinkalembamo vesi lililonse limene latigwira mtima ndi uphungu uliwonse umene tapatsidwa, wovomereza ndi wotsutsa womwe. Titatsimikiza, ndinalemba kalata yosiya ntchito, tinamanga katundu, ulendo.

M'mawa wina, tisanazolowere n'komwe malo atsopanowo, ndinamva kapu ikugwa pansi. Nditalowa ndinapeza amuna anga atatsamira khoma, pakamwa patapotokera mbali imodzi, dzanja lamanja lili lende. Ankandiyang'ana, milomo ikugwedera, mawu osatuluka. Adokotala anati ndi sitiroko. Magazi awo anakhala akuthamanga kwambiri kwa nthawi yaitali popanda kumva kupweteka paliponse, mpaka mtsempha wa mu ubongo unavulala. Anandifotokozera kuti mbali yakumanzere ya ubongo ndi imene imayendetsa mbali yakumanja ya thupi, ndipo mwa anthu ambiri kulankhula kumachokeranso mbali yomweyo. N'chifukwa chake dzanja, mwendo ndi mawu zinapitira limodzi. Nditafunsa ngati adzalankhulenso bwinobwino, anandiyankha moona mtima kuti kusintha kwakukulu kumaoneka m'miyezi yoyambirira, koma palibe angalonjeze kuti kudzafika pati.

Tangoganizani, mlaliki wopanda mawu. Chimene chinkandiswa mtima n'chakuti mutu wawo unali bwinobwino. Ankadziwa chimene akufuna kunena, koma pakamwa pankatuluka china. Akufuna madzi, ankati "nsapato". Ine n'kubweretsa nsapato, iwo n'kupukusa mutu misozi ili mbwembwembwe. Ndinawaphunzitsa kumanga mabatani a malaya ndi dzanja lamanzere, batani limodzi n'kutitengera nthawi yoti kale akanavala suti yonse n'kumanga tayi. Chodabwitsa, akayamba nyimbo ya m'buku la nyimbo ankaimba ndime yonse osaphonya liwu. Ndinkayesa chozizwitsa cha ife tokha, koma amene ankawachititsa mafizo anandiuza kuti zimachitika kwa odwala ambiri otere, poti kuimba sikudalira malo okhawo a mu ubongo amene kulankhula kumadalira. Ndinathokozabe Mulungu. Chinthu kukhala ndi malongosoledwe a adokotala sindiye kuti si chifundo chake.

Tsiku lina ndili pabenchi panja pa wodi, kunabwera mayi wina wa udindo mumpingo kudzazonda. Anandigwira dzanja, n'kutsitsa mawu: "Amayi busa, musandimve molakwa, koma kodi munafunsa bwinobwino kwa Ambuye musanabwere kuno? Pajatu Mulungu akatuma munthu amasalaza njira." Sanabwere ndi nkhanza, ndikudziwa. Ankakhulupirira ndi mtima wonse zimene ankanenazo. Koma usiku umenewo ndinatsegula kope langa lija n'kuyamba kuliwerenga ngati wapolisi wofufuza mlandu, kusaka tsamba limene tinaphonya. Pamwamba pa kusamalira wodwala, kusowa ndalama ndi kulera ana, ndinasenzetsedwanso mlandu woti mwina matendawa tinawaitana tokha.

Ndiye ndikufuna ndilankhule mosapsatira. Chiphunzitso chakuti njira ya Mulungu imadziwika ndi kusalala kwake n'chabodza. Poyamba ndinkati n'chongoperewera, koma pamene ndikukula ndikuona kuti n'chabodza ndithu, ndipo chimavulaza anthu amene avulala kale. Sindikudziwa kuti anthu amachitenga m'Baibulo liti.

Tsegulani Eksodo 13. Aisraeli atangotuluka mu Igupto, Mulungu sanawadutsitse njira ya ku dziko la Afilisti ngakhale inali yachidule. Anawazungulitsa kuchipululu. M'mutu 14 akuwauza kuti abwerere akamange misasa m'mphepete mwa nyanja, pamalo pamene Farao anawapanikiza, kutsogolo madzi kumbuyo magaleta. Atawoloka, anayenda masiku atatu osapeza madzi, ndipo amene anawapeza ku Mara anali owawa. Nthawi yonseyi mtambo umene Mulungu ankawatsogolera nawo unali nawo limodzi, aliyense akuuona ndi maso. Palibe anthu amene anatsogoleredwapo moonekeratu kuposa amenewa, koma taonani kumene mtambowo unawafikitsa.

Pitani ku Machitidwe 16. Paulo ndi anzake analetsedwa ndi Mzimu Woyera kulalikira ku Asiya. Anayesa kulowa ku Bituniya, sanaloledwenso. Anatsikira ku Trowa, ndipo kumeneko Paulo anaona masomphenya usiku, munthu wa ku Makedoniya akumudandaulira kuti awoloke adzawathandize. Chitsogozo choposa apa mungachipeze kuti? Anakwera chombo, anafika ku Filipi, ndipo mutu womwewo usanathe iye ndi Sila avulidwa malaya, akwapulidwa ndi ndodo, aponyedwa m'chipinda cham'kati cha ndende mapazi ali m'matangadza. Mayi wanga wa pabenchi uja akanakhala ku Filipi akanapita pazenera la ndende kukafunsa Paulo ngati anafunsa bwinobwino kwa Ambuye.

Mu Marko 4 amene anati tiwolokere tsidya lina ndi Yesu mwini, ndipo namondwe anawapeza ali m'kati momvera. Mateyu 4 akuyamba ndi Mzimu kutsogolera Yesu kuchipululu kukayesedwa. Ndikhoza kupitiriza mpaka mawa.

Tsono taonani mbali inayo. Yona pothawa Mulungu anatsikira ku Yopa, ndipo anapeza chombo chopita ku Tarisi chili chire, ndalama yolipirira ali nayo, malo alipo. Zonse zinayenda myaa. Namondwe atayamba, amalinyero akufuula ndi kutaya katundu m'nyanja, iye anali m'tulo tofa nato pansi pa chombo. Masiku ano akanaimirira kutsogolo kuchitira umboni kuti Ambuye atsegula makomo ndipo mumtima muli mtendere. Pamene Yesu m'Getsemane, ali pakatikati pa chifuniro cha Atate, anauza ophunzira ake kuti moyo wake uli ndi chisoni chofa nacho. Ndiye akandiuza kuti ukakhala mu chifuniro cha Mulungu umamva mtendere, ndimafunsa kuti mtendere wa Yona kapena chisoni cha Yesu, chosonyeza kumvera n'chiti? Sindikunyoza mtendere wa mumtima, ndi mphatso ndipo ndinaulawapo. Koma mtima wa munthu umatha kukhazikika chifukwa choti wapeza chimene unkafuna, umathanso kunjenjemera chifukwa choti chimene uyenera kuchita n'cholemera. Sungakhale woweruza wokha.

Anzake a Yobu nawonso anali ndi masamu omwewa: wavutika, ndiye kuti walakwa penapake, fufuza. Analankhula mitu yambirimbiri, mawu ake omveka auzimu zedi. Pamapeto, mu Yobu 42:7, Mulungu akuuza Elifazi kuti wamukwiyira iye ndi anzake awiri chifukwa sananene zoona za Iye. Masiku asanu ndi awiri oyamba aja, pamene anangokhala pansi ndi Yobu osanena kanthu, ndi pamene anali abwenzi enieni.

Pano ndipatuke pang'ono, chifukwa ndikudziwa amene akubwera kwa inu posachedwa ngati sanafike kale. Munthu akakhala pamavuto osadziwika mathero ake, pamatulukira anthu odziwa madeti. Kwa ife kunabwera bambo wina wovala bwino, anapemphera mofuula mpaka anamwino kudzamuletsa, n'kundiuza kuti waona amuna anga ali pagome akulalikira mwezi wotsatira usanathe, koma ndiyenera kufesa mbewu kuti ndimasule chozizwitsacho. Ndinamuthokoza n'kumuperekeza pakhomo. Komabe ndikuuzeni, mawu akewo anali okoma kuwamva. Munthu wotopa amalakalaka wina atamuuza tsiku limene zithe.

Zimenezi si zatsopano. Nebukadinezara atatenga mfumu Yehoyakini ndi anthu ambiri a ku Yerusalemu kupita nawo ku Babulo m'chaka cha 597 Yesu asanabadwe, kunadzuka mneneri Hananiya. Yeremiya 28 akutiuza kuti anaima m'Kachisi pamaso pa ansembe ndi anthu onse n'kulengeza kuti zaka ziwiri zisanathe ziwiya za m'Kachisi ndi akapolo onse abwerera. Anachotsa goli la mtengo limene linali m'khosi mwa Yeremiya n'kulithyola anthu akuona. Ulaliki wamphamvu, wokhala ndi chitsanzo chooneka. Yeremiya mwiniwake anayankha kuti ameni, Yehova achite momwemo, chifukwa nayenso ankalakalaka zitatero. Koma sizinali zoona, ndipo Hananiya anamwalira chaka chomwecho, mwezi wachisanu ndi chiwiri.

M'mutu wotsatira ndi m'mene muli vesi limene timalikonda pamakalendala ndi pa WhatsApp, Yeremiya 29:11, lonena za maganizo a mtendere amene Mulungu ali nawo pa ife, otipatsa tsogolo ndi chiyembekezo. Ndimalikonda nanenso. Koma bwererani vesi limodzi lokha m'mbuyo: zaka 70. Lonjezolo linali m'kalata imene Yeremiya analembera akapolo aja, anthu amene ambiri mwa iwo anali oti adzafera ku Babulo komweko. Ndipo chimene Mulungu anawauza kuti azichita podikira n'chimene chimandigwira mtima: mangani nyumba mukhalemo, limani minda mudye zipatso zake, kwatirani, berekani ana, funirani mtendere mzinda umene ndakupititsaniko ndipo muziupempherera. Sanawauze kuti akhale pa katundu womangamanga kudikira lipenga. Anawauza kuti akhale moyo pamalo pamene sanasankhe, ndipo m'kalata yomweyo anawachenjeza kuti asamvere aneneri ndi olota maloto amene anali pakati pawo. Babulo anadzagwa m'manja mwa Koresi, mfumu ya Perisiya, mu 539 Yesu asanabadwe, ndipo pambuyo pake ndi pamene anthu analoledwa kubwerera.

Mchemwali, aliyense wokuuzani deti n'kupempha ndalama, mutsekereni chitseko mwaulemu. Pa ichi chokha sindinyengerera.

Palinso china chimene timachita ife alaliki ndi akazi a alaliki, chimene ndayamba kuchiopa. Timakonda kufotokoza nkhani kuyambira kumathero. Yosefe anagulitsidwa ali ndi zaka 17, anaima pamaso pa Farao ali ndi zaka 30, ndipo timalumpha zaka 13 zapakatizo m'chiganizo chimodzi. Timaiwala kuti woperekera chikho wa Farao, amene anamangidwa naye limodzi, atatuluka m'ndende anamuiwala Yosefe zaka ziwiri zathunthu. Mawu otchuka aja, akuti inu munandipangira choipa koma Mulungu anachipangira chabwino, ali mu Genesis 50, bambo ake atamwalira kale, iye ali munthu wamkulu. Sanawanene ali m'dzenje. Chimene Genesis 39 akunena za nthawi ya ukapolo ndi ndende n'chachifupi: Yehova anali naye. Sakunena kuti Yehova anamufotokozera. Abrahamu anachoka ku Harana ali ndi zaka 75, Isake anabadwa iye ali ndi zaka 100, ndipo Ahebri 11 akuti anatuluka osadziwa kumene akupita.

Ngakhale David Livingstone timamufotokoza chimodzimodzi. Mtima wake unali ku China, ndipo anaphunzira udokotala ndi cholinga chimenecho. Nkhondo ya pakati pa Britain ndi China imene inayamba mu 1839 inatseka njirayo, anakumana ku London ndi Robert Moffat, mmishonale amene ankatumikira kummwera kwa Africa, ndipo kumapeto kwa 1840 anakwera sitima yopita kummwera kwa Africa. Ife lero timati taonani dzanja la Mulungu. Koma mnyamata amene anali ku London chaka chimenecho ankangoona kuti zimene anakonzekera zaka zonsezo zalephereka.

Ndipo si nkhani zonse zimene zimathera kunyumba ya mfumu. Apa ndi pamene ambiri amandithawa. Yohane Mbatizi, amene Yesu anati mwa obadwa mwa akazi palibe womuposa, ali m'ndende anatuma ophunzira ake kukafunsa Yesu ngati alidi Iye wakudzayo kapena ayembekezere wina. Munthu amene anamuloza Yesu ndi chala pa Yorodano anafika pofunsa funso lofanana ndi lanu. Yesu sanamudzudzule, koma sanamutulutsenso. Anadulidwa mutu m'ndende momwemo. Mu Machitidwe 12 Herode akupha Yakobo ndi lupanga, ndipo mavesi ochepa kutsogolo mngelo akutulutsa Petro m'ndende. Mutu umodzi, mpingo umodzi, Mulungu mmodzi. Kodi Yakobo ndiye sanafunse bwinobwino?

Amuna anga sanabwererenso pagome. Amayenda ndi ndodo, amalankhula pang'onopang'ono, ndipo akatopa mawu amawathawabe. Mpingo uja unaitana m'busa wina, ndipo unachita bwino kutero. Ine ndinabwerera m'kalasi patapita nthawi, pasukulu ina, kuyambiranso pansi. Ndilibe umboni wa mtundu umene anthu amaimirira n'kuwomba m'manja. Anthu ena amayesa kundikonzera mathero, amati mwina Mulungu ankafuna kuti muzilemba ndi kulimbikitsa ena. Ndimangomwetulira. Sindikhulupirira kuti Mulungu anapumitsa dzanja la amuna anga kuti ine ndipeze nkhani yolemba, ndipo sindiyerekeza kumuikira zifukwa m'kamwa. Chimene ndinganene n'chakuti sanatisiye. Ana anaphunzira. Panali anthu, ena osapemphera n'komwe, amene anatinyamula pamene miyendo yathu inalefuka. Amuna anga, amene kale anali munthu wothamanga ndi mapulogalamu, lero amatha kukhala ndi munthu wosweka mtima madzulo onse osamudula mawu, ndipo anthu amabwera kudzawafuna. Kaya zimenezi zikulipira zimene tinataya, sindiwerengera motero.

Za kuti mukapemphera kuli zii, musadziyese wachilendo. Salimo 88 likuyamba ndi kulira usana ndi usiku ndipo likuthera mumdima, lopanda vesi lotembenuka n'kuyamba kutamanda. Linalowa m'buku la nyimbo za anthu a Mulungu momwemo, osakonzedwa. Makalata a Mayi Teresa wa ku Calcutta, amene anamwalira mu 1997, atasindikizidwa mu 2007 anthu anadzidzimuka kuona kuti kwa zaka zambirimbiri sankamva kupezeka kwa Mulungu mumtima mwake, chonsecho m'mawa uliwonse ankadzuka kupemphera ndi kukatola odwala m'misewu. Ena anati ndiye kuti anali wachinyengo. Ine ndinati ndiye kuti ankadziwa chimene kukhulupirira kuli. Yesaya 50:10 akulankhula kwa munthu woopa Yehova ndi womvera, koma woyenda mumdima wopanda kuwala, ndipo akuti munthu wotereyo akhulupirire dzina la Yehova ndi kutsamira pa Mulungu wake. Onani bwino: womvera, koma ali mumdima. Vesi lotsatira likuchenjeza amene amatopa ndi mdimawo n'kudzikolezera moto wawo.

Ine m'nyengo imene ija mapemphero anga anafupika mpaka kutsala mawu awiri kapena atatu. Nthawi zina ndinkangotsegula Masalimo n'kuwerenga mokweza, chifukwa anga anali atatha. Zoti ndimve kutentha mumtima kunalibe. Koma ndinazindikira kuti zambiri zimene Mulungu amafuna kwa ine tsiku limenelo ndinkazidziwa kale popanda masomphenya: kumwetsa wodwala mankhwala pa nthawi yake, kusanama kwa amene tinawakongola, kusakalipira ana chifukwa cha mantha anga, kupempha thandizo m'malo modzimangirira. Chimene sindinkadziwa chinali cha chaka chamawa. Numeri 9 akuti mtambo uja unkatha kukhala pachihema masiku awiri, mwezi, ngakhale chaka, ndipo anthu sankauzidwiratu. Mana nawonso ankatola a tsiku limodzi, osunga a mawa ankawapeza ali ndi mphutsi. Ine ndinkafuna kalendala yonse, ndipo mpaka lero sindinapatsidwe.

Nanga munamva molakwika?

Munthu akhoza kulakwitsa posankha, zimenezo sindikana. Koma zotsatira si zimene zimaweruza. Dzifunseni mafunso ena. Kodi chimene munachitacho Mawu a Mulungu amachiletsa? Kodi munanamiza munthu kapena kuponda wina kuti mupeze ntchitoyo? Kodi munabisa nkhaniyo kwa anthu amene munkadziwa kuti akutsutsani? Paja safunsa anadya phula. Koma inu mwanena kuti munapemphera, munagwirizana ndi amuna anu, munafunsa abusa. Ndiye munasankha monga munthu woopa Mulungu amasankhira, ndi nzeru zimene munali nazo tsiku limenelo. Kuti ntchito idzatha simunkadziwa, ndipo kusadziwa zam'tsogolo si tchimo. Miyambo 16:9 akuti munthu amalingalira njira yake mumtima koma woyendetsa mapazi ake ndi Yehova. Kulingalirako ndi gawo lanu, ndipo munalichita.

Paulo uja sanakhale pansi kudikira kuti amve liwu asanasunthe phazi. Ankayenda, kuyesa uku, kuletsedwa, kuyesa uko. Kuyesa kulowa ku Bituniya sikunalembedwe ngati kusamvera. Ndipo tiyerekeze kuti penapake munaphonyadi. Abrahamu anabereka Ismayeli ali ndi zaka 86 chifukwa chotopa kudikira, zinabweretsa mavuto enieni m'banja, koma pangano silinafafanizidwe, ndipo Hagara ndi mwana wake Mulungu anawasamalira m'chipululu. Ine sindikhulupirira Mulungu amene amabisa njira imodzi yopapatiza, n'kumanong'ona motsitsa kuti tisamve bwino, kenako n'kutilanga ndi matenda a mwana chifukwa sitinamve. Bambo wotere ngakhale pakati pa anthu tingamutche wankhanza. Ophunzira atafunsa Yesu za munthu wobadwa wosaona kuti anachimwa ndani, iye kapena makolo ake, Yesu anakana zonse ziwiri. Matenda a mwana wanu musawasandutse kalata yochokera kumwamba yoti muimasulire. Ndi matenda, ndipo akufunika chipatala.

Zoti muchite pano

Ndalemba zambiri, ndiye apa ndifupikitsa. Mwanayo apitirize kuonedwa ndi adokotala ndipo mankhwala asadukize, ngakhale wina atakuuzani kuti kumwa mankhwala n'kuchepa chikhulupiriro. Lembani ngongole zonse papepala limodzi, inu ndi amuna anu muli limodzi, ndipo pitani kwa amene munawakongola iwo asanabwere kwa inu, mukawauze zoona ndi zimene mungathe kubweza. Musakongole kwina kuti mutseke uku. Funsirani ntchito paliponse pamene mungathe, kuphatikizapo kumene munachoka kuja, manyazi asakuletseni. Idyani ndipo gonani. Eliya atathawa Yezebeli n'kupempha kuti afe, mngelo sanayambe ndi ulaliki, anamupatsa chakudya ndi madzi n'kumusiya agonenso. Zosankha zikuluzikulu musazipange pakati pa usiku. Pezani munthu mmodzi kapena awiri okhwima, osathamangira kumasulira mavuto a anzawo, muziwauza zonse.

Chenjeraninso ndi funso lakuti anayambitsa ndani zosamukazi. Limalowa m'nyumba mwakachetechete nthawi ngati ino, ndipo ndaona mabanja amene anapirira umphawi koma anagwa ndi funso limeneli. Munasankha awiri.

Kaya mukhale komweko kaya mubwerere kumene munachoka, ine sindingakusankhireni, ndipo musadikire loto kuti musunthe. Kubwerera si kuvomera kuti munachimwa. Naomi anabwerera ku Betelehemu wopanda kanthu m'manja atangomva kuti kumeneko kwapezeka chakudya, ndipo chifukwa chimenecho chinali chokwanira. Khalani pansi ndi amuna anu muone kumene mwana angapeze chithandizo chodalirika, kumene kuli abale oti angakugwireni mkono, ndi kumene mwayi wa ntchito ukuoneka. Mukapemphera n'kufunsa anthu anu awiri aja, sankhani kumene zinthu zitatuzi zikulozera, ndipo mundilemberenso mundiuze mmene mwanayo akupezera.